Dzanja la Lavrenti ndi Dambo la Dona Zubatova

Petrograd, 19 Malichi 1917

Okondedwa mayi a Fekla,

Moni kwa inu Agafiya mkazi wanga, kwa Fekla ndi Mitrofani, ndi kwa amalume a Yermolai pamodzi ndi njuchi zawo. Ine ndili bwino. Chifuwa chija chatsika, kwangotsala kakutsokomola ka m'mawa.

Mwamva kale kuti Mfumu yatula pansi udindo. Kuno zinachitika ngati maloto a masana. Ndinatuluka kukafuna buledi, pobwerera ndinalibe buledi ndiponso ndinalibe Mfumu. Tsopano tili ndi boma longogwirizira. Lalonjeza kuti silichita chilichonse chachikulu mpaka utakhala Msonkhano Waukulu wa dziko lonse, ndipo lonjezo limeneli likusungidwa mokhulupirika kwambiri.

Ntchito ndapeza, koma musaseke. Munthu amene anatha zaka zinayi pa yunivesite ya ku Kazan akuloweza malamulo a Aroma, n'kukhalanso mlembi wa mudzi wathu wa Lomovka zaka zisanu popanda womuuza zikomo, mukuganiza amutengera chiyani? Dzanja. Bwana wa pano, a Vikenti Osipovichi, sanandifunse za malamulo ngakhale funso limodzi. Anangoti, "Talembani dzina lanu apa, achimwene." Nditalemba anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali. "Koma michira ya zilembozi ndiye ayi. Muyambe Lolemba."

Ofesi yathu imalandira madandaulo a anthu a m'midzi pa nkhani ya minda. Ili m'nyumba ya kalonga wina amene anathawa. Kudenga anajambulako mitambo ndi tiana tamapiko, ndipo khosi likatopa ndimagadamira kumeneko. Mitambo ija imayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kwathu. Ndimaiperekeza mpaka pa dambo la dona Zubatova, paja mtsinje umakhota, pamene udzu umafika m'chiuno. Chaka ndi chaka timamweta ndife, theka n'kupita kwa mayi amene sanapondepo zaka khumi. Agafiya, dambo limenelo lidzakhala la mudzi, ndipo ife tidzakhala ndi chigawo chathu pamenepo. Koma mwa lamulo, ndi chidindo. Ine tsopano ndimakhala m'chipinda chimene zidindo zimagona.

Ndatumiza ndalama, marubulu khumi ndi asanu. Mitrofani mumugulire nsapato, yotsalayo mchere. Denga la khola lisadikire mvula.

Wanu,
Lavrenti


Petrograd, 7 Meyi 1917

Mayi a Fekla,

Kalata yanu yandipeza ndili moyo, ndipo ndakondwa kuti ng'ombe yathu yabereka bwino. Mwalemba mizere isanu ndi itatu ya ng'ombe ndi umodzi wa ine. Sindikudandaula. Ndangowerenga.

Madzi oundana achoka pa mtsinje wa Neva. Amayandama ngati zidutswa za nyumba zoyera, akhwangwala atakwerapo osalipira. Ndimaima pa mlatho kuwayang'ana mpaka kuchedwa kuntchito, ndipo palibe amafunsa.

Ku ofesi kumafika anthu oyenda wapansi. Mudzi umasonkha, n'kutuma akuluakulu awiri atabisa pepala m'chipewa. Amafika ndi nsapato za makungwa, n'kuima pakhomo kuopa kuponda pansi pong'anima. Ena poona tiana ta kudenga amachita chizindikiro cha mtanda. Onse yankho lawo ndi limodzi, ndipo ndimalilemba makumi anayi pa tsiku: "Pempho lanu lalandiridwa. Nkhani ya minda idzagamulidwa ndi Msonkhano Waukulu. Kufikira tsikulo pasapezeke wokhudza munda, dambo kapena nkhalango ya mwini." Makina otayipira alipo, koma a Vikenti amakana. Akuti munthu wa kumudzi sakhulupirira chitsulo, amakhulupirira dzanja.

Dzana nkhalamba ina ya ndevu zachikasu inalandira pepala lake, n'kundifunsa, "Mwana wanga, a Msonkhano Waukuluwo amakhala khomo liti? Tikaonane nawo tokha."

Ndinati, "Sanabadwe, agogo."

"Oho. Nanga mayi ake ali ndi miyezi ingati?"

A Vikenti anaseka mpaka misozi, anaithirira tiyi nkhalambayo, anaipatsa ndi shuga wa m'thumba mwawo. Ndi munthu wabwino. Boma lonseli ndi la anthu abwino. Akanakhala oipa bwenzi tikudziwa chochita nawo.

Tsono mwati anyamata obwera kunkhondo akusonkhezera mudzi kuti pa tsiku la Petulo Woyera, kumapeto kwa Juni, mukamwete dambo lonse osapempha. Muwauze amalume kuti ayi. Cholanda chimalandidwanso. Bwalo la mudzi likhale pansi, linene mawu ake, inu mulembe, paja ndinakuphunzitsani ndine. Aliyense aike chala. Mutumize kuno, ine ndidzaliika pamwamba pa mulu wonse ndi manja angawa.

Buledi wakwera, batala timangomumva m'nkhani. Za chipinda chomwe ndikugona ndidzakuuzani tsiku lina.

Wanu,
Lavrenti


Petrograd, 20 Juni 1917

Agafiya wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino, tulo ndiye palibe, chifukwa kuno dzuwa lasiya kulowa. Limangotsamira kuseri kwa nyumba ngati mlendo wosafuna kutsanzika. Mzinda wonse wayera mbee, opanda mthunzi. Anthu amayenda m'misewu ndi mbendera zofiira, ena akuti nkhondo ithe, ena akuti ipitirire, ndipo onse amaoneka ngati akuyenda pansi pa madzi.

Pempho la mudzi lafika. Ndinalizindikira lisanatsegulidwe, chifukwa ndi inu nokha m'dziko muno amene mumakanikiza cholembera ngati mukubzala mbatata. Munalemba bwino. Zala makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu ndinaziwerenga chimodzichimodzi, ndipo cha amalume ndinachidziwa ndi chipsera. Pepala linkanunkha utsi wa m'nyumba mwathu.

Ndinaliika pamwamba monga ndinalonjeza. A Vikenti analiwerenga ataimirira, n'kupukuta magalasi.

"Zogwira mtima, a Lavrenti. Ndi kwanu kumeneku?"

"Ndi kwathu, bwana. Dona wake ali kunja, dambo silimudziwa."

"Ndikumva. Ine ndikanakhala Msonkhano Waukulu ndikanakupatsani lero lomwe, pamodzi ndi mtsinje wake. Koma ndine Vikenti chabe. Yankho mukulidziwa."

Ndinawatchulira malamulo atatu, awiri enieni, limodzi ndinapeka pomwepo. Anavomera onse atatu, n'kundisisita paphewa.

Tsono yankho mulilandira masiku omwewa. Ndikanatha kumupatsa Nikodimu, mnzanga wa pa tebulo la pawindo, kuti alembe ndiye. Ndinafika ndithu pa tebulo lake pepala lili m'manja. Koma Agafiya, munthu uja amalemba ngati nkhuku yapalasa pa ndowe. Mudzi wanga ulandire kalata yoyamba yochokera ku boma ili yotero? Ndinabwerera, ndinaika nsonga yatsopano pa cholembera, ndipo sindinalembepo pepala lokongola chotero chibadwire.

Ndi mawu a boma, si anga. Mwina ndi bwino ansembe akaliwerenge pa bwalo, kenaka alipinde alisunge. Palibe chifukwa choti liziyenda m'manja.

Msonkhano akuti ukhala Sepitembala. Udzu wa chaka chimodzi si kanthu.

Wanu nthawi zonse,
Lavrenti


Petrograd, 11 Sepitembala 1917

Mayi a Fekla,

Moni. Ine ndili bwino, poti simunafunse.

Miyezi iwiri ndi theka ndakhala ndikuvutitsa wa mtengatenga mpaka wayamba kuwoloka msewu akandiona. Lero kalata yafika, mizere inayi, yopanda moni, ngati lisiti la kuchigayo. Ndaiwerenga kambiri kufuna mzere wachisanu.

Ndiye kuti pepala lija linayenda m'manja. Ndiye kuti nkhalamba zosadziwa ngakhale chilembo chimodzi zinangoona michira n'kunena kuti, "Ili ndi dzanja la Lavrenti wathu. Akati tidikire, pali chimene akudziwa." Anyamata anapachika zikwakwa. Kapitawo wa dona anabweretsa akaidi a kunkhondo, anamweta dambo lonse, n'kugulitsa udzu kwa asilikali. Anzathu a mudzi wa Berezino, amene anangomweta osapempha munthu, nkhokwe zawo za udzu zafika kumwamba. Ndipo ng'ombe yathu mwagulitsa, pamodzi ndi mwana wake, chifukwa simukanatha kuidyetsa m'chisanu.

Zaka zisanu ndinali mlembi wa mudzi umenewo. Ndinawauza za chitsime, sanamve. Ndinawauza za katemera, anandithamangitsa ndi agalu. Tsiku limodzi lokha limene ndinalemba mawu a munthu wina ndi limene asankha kundimvera. Anthu otani amenewa?

Simunanene kuti ndi mabanja angati agulitsa ziweto. Musandiuze.

Kuno mkulu wina wa asilikali ananyamuka ndi gulu lake kudzalanda mzinda. Boma linachita mantha, n'kugawa mfuti kwa antchito a m'mafakitale, omwewo linkawatsekera m'ndende mwezi wa Julayi. Mkulu uja sanafike. Mfuti sizinabwezedwe. Walira mvula walira matope. A chipani cha Abolisheviki tsopano amayankhula pa mphambano iliyonse, ndipo mawu awo ndi atatu okha: mtendere, buledi, minda. Ndinamuuza wina kuti dziko siliyendetsedwa ndi mawu atatu. Anati, "Inu a mawu makumi anayi mwafika nalo pati?" Mwano wake.

Malipiro akutipatsa ndalama zatsopano zosadula, chipepala chimodzi chachikulu ngati nsalu. Ndakudulirani mbali yaikulu ndi lumo. Mugule mbuzi ngati alipo wolandira. Fekla asasowe mkaka.

Msonkhano ausunthira Novembala. Mitambo ya kudenga masiku ano siyenda.

Lavrenti


Petrograd, 30 Okutobala 1917

Agafiya,

Ndili moyo, sindinavulale, musamvere za m'manyuzipepala.

Boma lagwa. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinamva kugwa kwake, koma linagwa ngati chipewa cha munthu wosinza. Lachitatu m'mawa ndinakwera thiramu, kasitima ka mumsewu, monga mwa masiku onse. Kunali nkhungu, masitolo otsegula, mayi wina akukangana ndi wogulitsa kabichi. Pa milatho panali asilikali a pamadzi akuotha moto. Pa makoma Abolisheviki anamata mapepala onena kuti boma longogwirizira lachotsedwa, pamene nduna zinali zikadali m'nyumba yachifumu, zikukambirana. Ozilondera anali ana a sukulu ya usilikali ndi gulu la amayi. Kutacha Lachinayi tinamva kuti azitulutsa pamzere n'kuzitsekera m'linga la kutsidya. Mkulu wawo anali atachoka kale pa galimoto kukafuna asilikali omukonda. Akufunabe.

Ife tinkapitabe kuntchito, n'kumalemba kuti anthu adikire. Dzana kunalowa mayi wina wa ku fakitale ya ulusi, dzina lake Varvara Lukinichna, mfuti yaing'ono m'chiuno, nyuzipepala m'manja, asilikali awiri kumbuyo. Anayang'ana milu ya mapepala yofika m'mapewa.

"Zonsezi n'chiyani, abambo?"

A Vikenti anaimirira. "Madandaulo a minda, mayi. Onse ayankhidwa."

"Mwati chiyani?"

"Kuti adikire."

"Yankho lasintha." Anayala nyuzipepala ija pa tebulo. "Minda ya madona ndi mabwana yapita kwa olima. Lero, popanda kulipira. Agawane okha."

"Ndi mphamvu ya yani?"

"Ya awa," anatero akuloza kumbuyo ndi chala chachikulu, osacheuka.

A Vikenti anakhoma kabati ya zidindo, kiyi anaika m'thumba, anavala jasi, anawerama pang'ono, n'kutuluka. Alembi onse anawatsata, akuti sagwirira ntchito mbava. Ine ndinachedwa chifukwa ndinkapukuta cholembera. Mayi uja anatola pepala limodzi pa tebulo langa.

"Wa michira ndinu? Mumalemba ngati keke ya ukwati. Mukhala kapena mupita?"

Ndinati ndiyambe ndaganiza.

"Ganizani. Buledi timapereka kwa okhala."

Ndinakhala. Miyezi isanu ndi iwiri ya dzanja langa yafafanizidwa ndi nyuzipepala imodzi ya zilembo zopindika, inki yake yomata m'zala. A Vikenti akuti anthu awa satha masabata awiri. Mwina. Koma inu musadikire kuti muone. Uzani bwalo kuti ligawe dambo chipale chofewa chisanagwe, ndipo munene kuti ndatero ndine.

Madzulo a tsikulo ndinagadamira kudenga. Nkhungu inali italowa pa zenera losweka, ikuyandama pansi pa mitambo yojambula ija, moti sindinkadziwa weniweni ndi uti.

Wanu,
Lavrenti


Petrograd, 4 Disembala 1917

Mayi a Fekla,

Zikomo chifukwa cha kalata, masokosi ndi uchi wa amalume. Uchi ndikudya ndi nsonga ya mpeni. Chifuwa chabwerako pang'ono, si nkhani.

Ndiye munagawa ndisananene. Kalata yanga inakupezani zikhomo zili kale pansi. Chabwino. Munawerenga pakamwa pakamwa, khomo ndi khomo, wakhanda ndi nkhalamba mofanana, n'kuponya maere m'chipewa cha amalume. Inu munatola chigawo cha pokhota mtsinje. Ndinatseka maso nditawerenga pamenepo. Ndinaona Mitrofani atabisika mu udzu, mutu wokha ukuoneka, inu mutamanga mpango woyera uja.

Kenaka ndinawerenga kuti pakamwa pa banja lathu ndi patatu.

Ndabwereza kuwerenga: inu, Fekla, Mitrofani, ine. Ku Kazan zimenezi zinkakwana zinayi. Mwalemba kuti Prokhor wa dzanja limodzi anaimirira n'kunena kuti, "Lavrenti anatiuza kuti tidikire Msonkhano Waukulu. Ife tinadikira, ng'ombe zinapita. Tsopano gawo lake lidikire Msonkhanowo." Ndipo bwalo lonse linavomera, ena akuseka. Ngakhale minda yolima, imene mudzagawe chipale chikasungunuka, dzina langa mulibe.

Chigamulo chimenechi n'chosemphana ndi malamulo onse amene ndinaphunzira, ndipo chimene chikundipweteka n'chakuti n'chokongola. Ndikanakhala woweruza ndikanachisirira. Prokhor ameneyo ndinamulembera ndine makalata ofunsira mkazi amene ali nayeyo. Mumukumbutse.

Mwati inu simunayankhule kanthu pa bwalo. Mwangolemba choncho, n'kupitiriza za mbuzi. Sindikufunsani chifukwa. Munali pakati pa amayi amene ana awo alibe mkaka, ine ndili kuno ndi tiana tamapiko.

Koma Msonkhano ukhala ndithu, akuti Januwale, masankho achitika kale. Abolisheviki sanapambane. Ukakhala udzaika zonse m'malamulo, ndipo munthu wobadwira m'mudzi sangachotsedwe m'kaundula chifukwa cha nthabwala. Ndidzabwera ndi pepala.

Nkhuni zasowa, tikuotha mipando ya kalonga. Buledi wa tsiku amakwana m'chikhatho, ndipo muli utuchi. Mawindo a m'nyumba mumate ndi ndere zouma ndi nsanza, makamaka la kumpoto.

Lavrenti


Petrograd, 17 Febuluwale 1918

Agafiya mkazi wanga,

Moni kwa nonse. Musadabwe ndi deti. Boma latsopano lasintha kalendala, tinagona pa 31 Januwale n'kudzuka pa 14 Febuluwale. Masiku khumi ndi atatu angosowa. Ndimaganiza kuti alipo kwinakwake, oyera, osapondedwa ngati chipale cha m'nkhalango, ndipo m'masiku amenewo ng'ombe yathu ikadali m'khola.

Ndachedwa kulemba chifukwa ndinagona ndi chifuwa milungu itatu. Ndadzuka.

Msonkhano Waukulu unabadwa. Ndinapita kukaima panja pa mpanda, m'chipale, pamodzi ndi anthu ena ovala bwino. M'misewu ina kunalira mfuti, ndipo ena amene ananyamuka nafe sanafike. Nthumwi zinalowa zitanyamula makandulo ndi buledi m'matumba, kuopa kuzimitsiridwa magetsi. Zinayankhula tsiku limodzi. Kenaka alonda anati atopa, aliyense azipita. M'mawa mwake pachitseko panali loko. Za Lomovka sanatchule, za ine ndiye ayi.

A Vikenti ndinawapeza sabata yatha akuchotsa chipale pa msewu ndi fosholo, ntchito imene boma likukakamiza onse amene kale anali mabwana. Anandivulira chipewa. "A Lavrenti, mwaona? Sitinaphwanye lamulo ngakhale limodzi." Ndinawagawira fodya.

Pepala ndilibe, ndipo a Varvara Lukinichna akana kundilembera. Anati, "Mudzi ndiwo boma tsopano. Kapempheni komweko. Pakamwa muli napo, si dzanja lokha." Ntchito ndasiya dzulo.

Ndikubwera lisanafike Lamulungu la kukhululukirana, tisanalowe m'nyengo ya kusala. Sitima zadzaza asilikali mpaka padenga, ndiye tsiku sindinganene. Amalume apemphe bwalo kuti likhale pa tsikulo tikatuluka m'tchalitchi. Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, ndipo ng'ombe sizibwera. Sindikanena za malamulo. Akandiwerenga pa minda ya chilimwe, ndithokoza. Akakana, ndidzamweta pa chigawo chanu ngati waganyu, ngati mwini wake andilola, ndipo mudzaona mmene munthu wa ku yunivesite amadzichekera mwendo.

Jasi yanga ya mabatani amkuwa ndagulitsa. Ndalama yake ndi iyi, musagule china: ndowa imodzi ya kachasu ya bwalo, monga mwa mwambo. Mugule kwa mkazi wa Prokhor, aone. Mukandiona ndikutsika pa chitunda nditafunda bulangeti ngati nkhalamba, musaseke ana akuona.

Chatsala chimodzi, ndipo mufunse amalume mwakachetechete. Ndinaonapo ndili mwana munthu akupepesa mudzi: anavula chipewa, n'kugwada m'chipale, mphumi mpaka pansi, kumbali zonse zinayi. Koma sindikumbuka kuti amayambira mbali iti, kwa akuluakulu kapena kotulukira dzuwa. Sindifuna kukalakwitsanso pamaso pawo. Mudzandinong'oneze pakhomo ndisanavule nsapato.

Mwamuna wanu,
Lavrenti